Musadikire tsiku lokhazikitsa buku: kuthandiza wojambula amene akudzisindikizira yekha buku la zithunzi

Ntchito yanga ndi yokonza mafayilo a mabuku asanapite ku makina, ndipo ena mwa amene amandipeza ndi ojambula zithunzi a muno mu Blantyre amene atopa kuona ntchito yawo ikuthera pa Facebook ndi pa status ya WhatsApp. Amafuna buku loti munthu agwire m'manja. Makampani ofalitsa mabuku kuno maso awo ali pa mabuku a sukulu, poti ndi amene amayenda malonda, choncho wojambula akafuna buku amadzilipirira yekha chilichonse, kuyambira pepala mpaka katoni yonyamulira. Ndikulembera iyeyo, komanso inu abale ake, anzake ndi makasitomala ake amene mumati mukufuna kumugwira mkono. Zomwe ndaona n'zakuti thandizo limafunika buku lisanasindikizidwe. Pofika tsiku lokhazikitsa, zolakwika zimakhala zitalowa kale m'mabuku onse, ngongole nayo itayamba kale kubereka.

Chimene chimayamba kuononga mabuku amenewa si kuchepa kwa ndalama ayi, koma kasankhidwe ka zithunzi. Wojambula amabwera ndi hard drive yodzaza: maukwati, mpira wa pa Kamuzu Stadium, msika wa Limbe, phiri la Mulanje, ndipo amafuna zonse zilowe chifukwa chithunzi chilichonse anachikhetsera thukuta. Mapeto ake buku limakhala ngati alubamu ya pabalaza imene alendo amapatsidwa podikira nsima. Buku limafuna nkhani imodzi. Akhoza kukhala akabaza a ku Ndirande, kapena amayi ophwanya miyala m'mbali mwa msewu, kapena Chilobwe pambuyo pa namondwe wa Freddy wa mu Malichi 2023, kapena nyumba zakale za mu mzinda monga Mandala House ya mu 1882 ndi tchalitchi cha St Michael and All Angels chimene chinatha kumangidwa mu 1891. Buku loyamba la masamba 64 limakwana ndi zithunzi 40 mpaka 50. Zikapyola pamenepo munthu amangotembenuza masamba osayang'ana.

Kusankhako kusachitikire pa kompyuta. Tsukitsani ku situdiyo zithunzi pafupifupi 120, zing'onozing'ono za 10 x 15 cm, muziyale pansi kapena muzimate pakhoma, zikhale pamenepo sabata yathunthu mukuzidutsa m'mawa ndi madzulo. Apa ndi pamene mnzake wa wojambula angathandize popanda kutulutsa tambala: bwerani mudzachotse zithunzi. Munthu wongoti "zonse zili bwino, achimwene" alibe ntchito pamenepa. Wojambula amakumbukira kuti chithunzi chija anachijambula atadzuka mbandakucha n'kukwera phiri la Soche mvula ikuwaza. Inu zimenezo simukuzidziwa, mukungoona kuti chikufanana ndi chinzake chapafupi, ndipo chinzakecho ndiye chabwino. Nenani choncho, ngakhale akwiye.

Zikatsala 50, yambani kuziphatikiza ziwiriziwiri, chifukwa m'buku munthu amaona masamba awiri nthawi imodzi. Munthu wa m'chithunzi cha tsamba la kumanzere akamayang'ananso kumanzere, amatulutsa diso la wowerenga kunja kwa buku. Msamutsireni ku tsamba la kumanja kuti ayang'ane mkati. Chithunzi champhamvu chisiyeni chokha, tsamba linalo likhale lopanda kanthu. Ojambula amadandaula kuti tsamba lotere ndi ndalama yotayika, koma ine ndimalolera kuchotsa chithunzi kusiyana ndi kupanikiza ziwiri zolimbana. Kenako pindani pakati mapepala wamba 16 a A4, akupatsani masamba 64, mumate zithunzizo mmene zidzakhalire, n'kumapatsa anthu aziona inu muli duu. Pamene akufulumira kutembenuza, pamenepo pali chofunika kuchotsa.

Musanapite patali, bwererani kwa anthu amene ali m'zithunzizo. Kujambula munthu pa msika ndi kwina, kumuika m'buku logulitsa ndi kwinanso. Muonetseni chithunzicho, mumuuze kuti chilowa m'buku lotani, asainire kapepala kachidule ka m'Chichewa. Wosatha kulemba adinde chala pali mboni. Za ana asaine ndi kholo. Zithunzi za pamaliro, za m'chipatala, za kuchinamwali ndi za gule zimafuna chilolezo cha eni ake enieni, osati cha munthu mmodzi amene anakukodolani kuti jambulani. Za ukwati zimene banja linalipira musaziike musanafunse banjalo, ngakhale mafayilo ali kwa inu. Pa nkhani ya umwini wa zithunzi zanu, lamulo limene likugwira ntchito ndi Copyright Act ya 2016, ndipo bungwe loona zimenezi ndi COSOMA. Mnzake wodziwa dera, amene angaperekeze wojambula kwa amfumu kapena kwa tcheyamani wa msika, wachita chachikulu kuposa anthu khumi ogawa chithunzi cha chikuto pa Facebook.

Tsopano mafayilo. Makina amafuna ma pixel 300 pa inchi iliyonse ya pepala. Chithunzi chodzaza tsamba la A4 chimafuna pafupifupi 2500 x 3500, ndipo kamera iliyonse ya masiku ano imakwanitsa. Vuto n'lakuti ambiri fayilo yoyambirira inapita pamene laputopu inabedwa kapena hard drive inapsa, ndiye amakatapa chithunzicho pa Facebook kapena m'gulu la WhatsApp. Chimenecho chinafinyidwa kale, mbali yake yaitali nthawi zambiri siipyola 1600 kapena 2048, ndipo pa pepala chimangokwana 13 mpaka 17 cm. Mukachikoka kuti chidzaze tsamba, nkhope zimasungunuka, m'mphepete mwa zinthu mumachita timabokosi. Potumizirana zithunzi pa WhatsApp sankhani Document, apo ayi ikani mu flash mukwere minibasi.

Mtundu (kala) wa zithunzi ndi umene umaliritsa anthu. Sikirini imawala yokha. Pepala siliwala, limangolandira inki zinayi za CMYK (yabuluu, yapinki, yachikasu ndi yakuda). Taganizani chithunzi cha mayi wogulitsa tomato pansi pa shedi ya malata ku Limbe, kunja dzuwa likuswa mtengo. Pa laputopu yowalitsidwa mpaka kumapeto mumaona maso ake, thukuta la pamphumi, maluwa a pa chitenje. Pa pepala nkhope yonse imasanduka chigamba chakuda, maso osaoneka, buluu wa chitenje wapita ku pepo, tomato yekha ndiye akuoneka. Khungu lakuda pamthunzi ndi limene limayamba kutayika, chifukwa inki ikachuluka m'malo akuda imakwirira timizere tonse. Tsitsani kuwala kwa sikirini mpaka kuyera kwake kufanane ndi pepala loyera limene mwagwira pambali pake masana, ndiye mukonzenso zithunzi zonse sikirini ili choncho, mukukweza pang'ono malo amthunzi. Kenako sankhani zithunzi 8 zovutitsitsa, muziike pa pepala limodzi, mulipire kuti alisindikize pa makina omwewo ndi pepala lomwelo la bukulo. Ndalama imeneyi ndi yochepa, koma ambiri amaiumira. Funsaninso osindikiza ngati akufuna mafayilo a CMYK kapena a sRGB, amene ndi a mitundu ya pa sikirini. Makina ena a digito amatulutsa bwino mukawasiyira kuti atembenuze okha, ndipo fayilo ikatembenuzidwa kawiri mtundu umafa.

Zithunzi zakuda ndi zoyera nazo zili ndi msampha wake. Zikasindikizidwa ndi inki zonse zinayi zimatha kutuluka zobiriwira pang'ono pa tsamba ili, zofiirira pa tsamba linalo. Zikasindikizidwa ndi yakuda yokha mtundu susokera, koma nthawi zina zimatuwa. Yesani njira zonse ziwiri pa pepala loyesera lija. Mawu ang'onoang'ono akhale a inki yakuda yokha, chifukwa inki zinayi zikaphonyana pang'ono zilembo zimachita mthunzi. Chithunzi chofika m'mphepete mwa tsamba chipyole ndi 3 mm, chimene osindikiza amati bleed, poti mpeni wodulira sugwa malo amodzi nthawi zonse ndipo popanda bleed mumatsala kamzere koyera. Mawu ndi nkhope zikhale mkati ndi 10 mm. Yalani bukulo mu pulogalamu ya pa kompyuta monga InDesign, Affinity Publisher kapena Scribus, imene ndi yaulere. Word isiyireni makalata. Tulutsani PDF ya tsamba limodzilimodzi, mafonti ali momwemo, ndipo ngati mumalemba ŵ fufuzani paliponse pamene ali, chifukwa mafonti ambiri alibe chilembo chimenechi ndipo pamalo pake pamatuluka kabokosi. Chiwerengero cha masamba chigawike ndi 4.

Kukula kwa buku musasankhe ndi mtima, yambani mwafunsa pepala limene makinawo amadya. Makina ambiri a digito amatenga pepala la SRA3, la 320 x 450 mm. Pa mbali imodzi pamakwana masamba 2 a A4 kapena 4 a A5, choncho buku la A5 limadya theka la mapepala. La 21 x 21 cm limaoneka laling'ono kuposa A4 koma limadya chimodzimodzi, chifukwa pamakwanabe awiri okha, kotsalako n'kutaya. Ojambula amakonda A4 yogona poti zithunzi zawo zambiri n'zogona, koma chikuto chake chikatambasulidwa chimapyola 594 mm pomwe pepala ndi la 450 mm. Osindikiza amayenera kufuna makina ena, ndipo mtengo umadumpha. A5 yogona imakwana: 420 mm, kuphatikiza msana ndi bleed, sizifika 450.

Makina akuluakulu a offset amafuna mapuleti anayi pa mbali iliyonse ya pepala, ndiye ndalama yoyambira ndi yambiri ndipo imayamba kupepuka mukafika mabuku 500 kupita m'tsogolo. Osindikiza adzakuuzani zoona kuti pa 500 mtengo wa buku limodzi umatsika. Kuti 400 akagona pansi pa bedi, zimenezo si ntchito yawo kukuuzani. Buku loyamba yambani ndi 100 pa digito, akatha mudzaonjezera. Pepala la mkati likhale la 150 kapena 170 gsm (muyeso wa kulemera kwa pepala), la matt kapena silk, amene sanyezimira kwambiri. Bond ya 80 gsm imaonetsa chithunzi cha kuseri kwake, ndipo la gloss limanyezimira n'kusunga zidindo za zala. Chikuto chikhale cha 300 gsm chokutidwa ndi kapulasitiki kopyapyala kamene amati lamination, koma dziwani kuti chikuto chakuda cha matt chimakandika ngakhale chikadali m'katoni. Pepala lili ndi mbali imene limapindika mosavuta, ndipo mzere wopindikirawo uyenera kutsatana ndi msana wa buku. Ukapingasa, buku limakana kutseguka ndipo masamba amachita mafunde nyengo ya mvula. Funso lina limene ambiri amaiwala: kodi pepala limeneli lilipo lokwana mabuku onse? Mapepala amenewa amachokera kunja, ndalama zakunja zikasowa amasowanso, ndipo ntchito ikayamba ndi pepala lina n'kutha ndi lina, m'buku limodzi mumakhala kuyera kwa mitundu iwiri.

Pa kamangidwe ndichedwepo pang'ono, chifukwa ndi pamene mabuku ambiri amafera m'manja mwa wogula. Ma staple a pamsana ndi otchipa ndipo buku limatseguka bwinobwino, koma pa pepala la 150 gsm musapyole masamba 48. Kupyola apo buku limayasama, masamba apakati amatulukira kunja n'kudulidwa kwambiri kuposa anzawo, komanso ma staple amachita dzimbiri pa chinyezi. Guluu wotentha wamba, amene amamangira mabuku a sukulu, amagwira bwino pepala la bond koma amatereka pa pepala losalala, makamaka inki ikafika mpaka kumsana. Ndinagwirapo buku lokongola kwambiri limene nditalitsegula pakati ndinamva kuti the, masamba anayi n'kutsalira m'manja, msana utang'ambika kuchokera pamwamba mpaka pansi, ndipo mabuku onse a ulendo umenewo anali otero. Funsani ngati ali ndi guluu wolimba wotchedwa PUR, kapena ngati amasoka ndi ulusi asanamate. Musakhutire ndi yankho la pakamwa. Apempheni buku limene anamanga kale pa pepala ngati lanulo, mulitsegule pakati, mulipondereze ndi chikhatho, mukoke tsamba limodzi. M'buku lomata, 5 mm kapena kuposa za pakati zimamira mumsana, choncho chithunzi chodutsa masamba awiri chisakhale ndi nkhope pakati. Kukhuthala kwa msana musaganizire. Osindikiza akumangireni buku la mapepala opanda kanthu, muyeze ndi rula. Ngati mabuku ndi 50 okha a masamba 32, kusoka pamanja n'kotheka: mabowo 5 pamsana, singano yaikulu ndi ulusi wolimba wopaka sera. Anzanu anayi atakhala pa tebulo Loweruka limodzi ntchito imeneyi itha.

Zonsezi zilembedwe pa kotesheni: kukula, chiwerengero cha masamba, dzina ndi kulemera kwa pepala, kamangidwe, lamination, kuchuluka kwa mabuku, tsiku lomaliza ndi msonkho. Gwirizanani kuti tsamba ndi mbali imodzi ya pepala, chifukwa wina akamawerenga mapepala wina akuwerenga mbali, mtengo umasiyana kawiri. Tengani makotesheni atatu. Ku Ginnery Corner ndi ku Limbe osindikiza aliko angapo, mukhoza kuwayendera m'mawa umodzi. Funsani kuti mtengowo ukhala masiku angati. Mu Novembala 2023 kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 pa 100, ndipo amene anali atatolera kale ndalama kwa anthu koma asanalipire pepala anaona zakuda. Ndalama ikakwana, dipoziti ipite sabata yomweyo. Perekani theka, lotsalalo mudzamalize mabuku mutawaona.

Asanayambe onse, akusindikizireni buku limodzi lathunthu, lomangidwa ndi kudulidwa, limene amati proof. Kalionereni pakhonde masana, osati pansi pa babu la mu ofesi limene limasintha mtundu. Mawu onse awerenge munthu wina amene sanawaonepo, makamaka mayina a anthu ndi a malo. Mukakhutira apange lachiwiri, musaine onse awiri, lina litsale kwa osindikiza lina mutenge. Tsiku losindikiza mukakhale pomwepo. Magetsi akazima makina n'kuyambanso, kapena akasintha toner pakati pa ntchito, mtundu umatha kusuntha, ndiye yerekezani mapepala oyamba, apakati ndi omaliza ndi proof yanu. Polandira tsegulani katoni iliyonse, muwerenge, mutenge mabuku angapo apansi muone ngati mulibe tsamba lozondoka, losowa kapena lodulidwa mokhota. Mukalipira zonse n'kukazindikira kunyumba, mawu anu sakhalanso ndi mphamvu.

Tibwere ku masamu. Manambala awa ndi ongoyerekeza, inu muikemo anu. Tinene kuti zonse pamodzi, kutsukitsa tizithunzi, pepala loyesera, proof, woyala buku, kusindikiza ndi thiransipoti, zakwana K2,000,000 pa mabuku 100. Wojambula amagawa n'kupeza K20,000 pa buku, n'kuika mtengo wa K25,000 akuganiza kuti wapindula. Koma 100 sagulitsidwa onse. Chotsani 10 opatsa anthu a m'zithunzi, limodzi limene lamulo limafuna kuti likaperekedwe ku National Archives ku Zomba, 4 a atolankhani ndi oonetsera, 5 owonongeka. Atsala 80, ndiye buku lililonse ladya K25,000. Sitolo yogulitsa mabuku yembekezani kuti itenga pakati pa 30 ndi 40 pa 100. Ikatenga 35 pa mtengo wa K40,000, wojambula alandira K26,000, kungobweza yake basi. Buku lomwelo akaligulitsa yekha pa K40,000 atsala ndi K15,000. N'chifukwa chake inu wofuna kuthandiza mugule kwa mwini wake, pa mtengo umene wanena, popanda kunenerera ngati muli pa kaunjika.

Ndipo mugule lisanatuluke. M'chitsanzo chomwechi anthu 50 akalipiriratu K40,000, ndalama yonse yosindikizira yakwana, mabuku 30 otsala ndiye phindu. Wojambula asayambe kutolera alibe choonetsa: akhale ndi buku lomata pamanja lija, pepala loyesera ndi kotesheni, kuti anthu aone kuti si nkhambakamwa. Ndalama zilowe pa nambala imodzi ya Airtel Money kapena Mpamba imene sagulirapo ndiwo, ndipo aliyense alembedwe m'kabuku, dzina, tsiku, ndalama ndi nambala ya uthenga. Awerengeretu ndalama yodulidwa potapa. Tsiku lolonjeza likhale la osindikiza kuphatikiza mwezi wathunthu, ndipo likasuntha awauze anthu iwo asanafunse, chifukwa wolipiriratu akakhala miyezi iwiri osamva kanthu sadzalipiriranso wojambula wina aliyense. Mayina a olipiriratu alembedwe pa tsamba lomaliza. Anthu amakonda zimenezi ndipo siziwononga kanthu. Mabuku 10 akhoza kupatulidwa, olembedwa manambala, lililonse ndi chithunzi chotsukidwa chosainidwa, pa mtengo wowirikiza. Amene ali ndi m'thumba mwabwino atenge amenewa.

Katapila ayi. Ngakhale ngongole ya banki m'khonde siigwirizana ndi ntchito imeneyi, chifukwa chiwongoladzanja chimafunika mwezi ndi mwezi pomwe mabuku a zithunzi amatuluka limodzilimodzi, chaka kapena ziwiri. Inu amene mumagwira ntchito ku kampani, m'malo mopempha abwana kuti apereke kangachepe n'kuika chizindikiro chawo pa chikuto, auzeni agule mabuku 20 ogawira makasitomala kumapeto kwa chaka, alipire asanasindikizidwe. COSOMA ilinso ndi thumba la Copyright Fund limene limalengeza nthawi yoti aluso apemphe thandizo. Mnzake wodziwa kulemba bajeti ndi kalata yofunsira thandizo akhale naye pansi wojambulayo, poti ambiri luso la kamera ali nalo koma mafomu amawagwetsa ulesi.

Mwambo wokhazikitsa buku tinauzolowera molakwika. Holo, MC, zokuzira mawu, zoziziritsa kukhosi, mlendo wolemekezeka agula buku loyamba pa mtengo wokwera, ena n'kumaimika manja kulonjeza ndalama zikuluzikulu anthu akuwomba m'manja. Mawa lake wojambula amayamba kuimba mafoni osayankhidwa, pomwe a holo analipidwa kale. Lonjezo la pa maikolofoni musaliwerengere mu bajeti. Buku lichoke pa tebulo uthenga wa ndalama utalowa pa foni, ndipo pa tebulopo pakhale munthu wina, osati wojambula, chifukwa iye sangawakanize amalume ake akati "ndikupatsa mwezi ukatha, mphwanga". Mwambo wabwino ndi waung'ono: zithunzi 10 pakhoma, tebulo limodzi, wojambula afotokoze kwa mphindi 15. Malo ngati Jacaranda Cultural Centre kapena La Caverna ku Mandala House amazolowera zionetsero, kafunseni mmene amachitira. Inu abale, buku laulere musapemphe, ngakhale munamulera. Musajambulenso masamba onse ndi foni n'kuwamwaza m'magulu a WhatsApp mukuti mukumutsatsira malonda. Tsamba limodzi kapena awiri, dzina lake ndi nambala yogulira, zakwana.

ISBN, nambala ya manambala 13 imene masitolo ndi malaibulale amazindikirira buku, kuno imatengedwa ku National Archives ku Zomba. Ifunseni musanamalize kuyala chikuto, kuti barcode ilowe kuseri, yakuda pa malo oyera. Buku likatuluka, lamulo la Printed Publications Act limafuna kuti limodzi likaperekedwe komweko. Ena amaona ngati n'kutaya buku, koma zaka 30 zikubwerazi wofufuza mbiri ya Ndirande adzalipeza kumeneko pamene a ife ena anadyedwa kale ndi chiswe. Tsamba lachiwiri likhale ndi dzina la wojambula, chizindikiro cha ©, chaka, ISBN ndi dzina la osindikiza.

Posiya mabuku m'sitolo, m'malo ogona alendo kapena mogulitsira zosemasema, musasiye ambiri. Siyani 3 mpaka 5, limodzi loonetsera lolembedwa kuti si logulitsa, enawo okulungidwa m'pulasitiki, ndi kapepala kosainirana konena kuchuluka, mtengo, gawo la sitolo ndi tsiku lodzawerengerana. Muzipitako mwezi uliwonse. Wogulitsa akasintha ntchito, wolowa m'malo mwake amati sakudziwa kanthu. Abale a ku Johannesburg kapena ku London ndi msika wabwino, poti buku loonetsa kwawo amaligula mosanyinyirika. Buku la A4 la masamba 64 pa pepala la 170 gsm limalemera pafupifupi magalamu 400, choncho 10 ndi makilogalamu 4, okwana m'chikwama cha m'bale amene akukwera ndege ku Chileka kapena basi ku Wenela. Atolere ndalama kwa anthu kumeneko asananyamuke kuno.

Otsala kunyumba asungidwe m'makatoni okwezedwa pa matabwa, otalikirana ndi khoma, okulungidwa asanuasanu. Simenti imatulutsa chinyezi nyengo ya mvula ndi ya chiperoni, masamba osalala amamatana ndipo mukawalekanitsa inki imanyotsoka. M'buti ya galimoto musawasiye, kutentha kwa mu Okutobala kumapinda chikuto n'kufewetsa guluu. Makatoni muziwasuntha mwezi ndi mwezi kuona ngati chiswe sichinayambe njira pansi pake. PDF yomaliza isungidwe malo awiri, kwina pa intaneti. Mabuku akatsala 20, funsani kotesheni yatsopano musanawononge ndalama ya ogulitsidwawo, muwerengenso mtengo, ndipo popita kukasindikizanso mutenge proof yosainidwa ija kuti a makina adziwe mtundu umene akuyenera kufikira.